Kompyuta pa Mtsuko

Laputopu ya mdzukulu wanga ikatentha, fungo lake limandibwezera ku Kachulu.

Tsiku lina kumeneko ndinayamba kumva fungo ngati pulasitiki ikupsa. Alamu anga ochokera ku Joni ankathamangitsa magalimoto pa kompyuta yawo, atailumikiza ku batire ndi mawaya osendeka. Itatentha, anaikhazika pa mtsuko wa madzi, pansi pake atayala nsalu yonyowa. Ana anga awiri anali pomwepo, pafupi ndi mawaya akuthetheka.

"Alamu, sikupsa imeneyo?"

"Ikungopuma, mlamu. Taonani ndikumupitirira uyu."

Kuwadzudzula sindikanatha, nyumba inali yawo. Ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamukoka dzanja akulira.

"Tiyeni kusikimu, mbalame zikutha mpunga."

Mpunga tinali titakolola kale, koma tinapitabe.