Tsiku limene a Eveles adakana magazi a Enock

A Eveles Kambwiri ali ndi zaka 76. Ndi mayi wamasiye, wa Mvano, ndipo amakhala kwa Maganga komwe amalima mpunga. Kwa zaka 31 adagwira ntchito mu labu ya kachipatala ka mishoni kufupi ndi nyanja.

Ku koleji sadapiteko. Adalowa ntchito ngati wokolopa, sukulu atalekeza Sitandade 6. Ankasesa mu labu ndi kutsuka timagalasi toyezerapo magazi. Mkulu wa mu labumo maso atayamba kumuvuta, ankawaitana: “Tabwera usuzumire apa. Ukuona chiyani?” Iwo ankanena zomwe aona, osawonjezera. Mkuluyo atapuma ntchito, chipatala chidawatumiza ku Lilongwe kukaphunzira miyezi itatu, nkuwasiyira labu yonse.

Maikulosikopu yawo idali yakale, yokhala ndi kalilole kunsi. Magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, choncho ankadalira dzuwa. M’mawa ankayiika pa windo la kum’mawa, masana nkuyinyamulira ku windo lina. Adali ndi lamulo limodzi: galasi lililonse aliyang’ane malo khumi, akulisuntha pang’onopang’ono, nkumalemba ndi pensulo zomwe apeza pa malo alionse. Ngakhale mzere ufike pa mtengo wa mango panja, malo ankakwana khumi basi. Anamwino adawapatsa dzina loti Mayi Dikirani. Iwo ankavomera akaitanidwa choncho.

Nkhani yomwe anthu amaikumbukira idachitika mu Malichi 1995. Ku chilumba cha Mbenji usodzi udali wotseka, asodzi onse ali kumtunda. Lachiwiri lina m’mawa amuna anayi adafika atanyamula mayi pa machira. Adali Maggie, yemwe adachira kunyumba mwana wake wachisanu, nkutaya magazi ambiri. Zikhato zake zidali mbuu. Mvula idali itadula msewu wopita ku boma. A Martin, omwe ankaona odwala pachipatalapo, adati mayiyu apatsidwe magazi dzuwa lisadapendeke, apo ayi sagona.

Enock, mlongo wake wa Maggie, adapinda malaya asadafunsidwe. Iye ndiye adali mwinimbumba. Maggie akadwala, ana ake akalakwa, nkhani inkafikira kwa iye. Kwa Enock, kupereka magazi kudali udindo wake, ngati kukhala patsogolo pa maliro a kwawo.

Mankhwala odziwira gulu la magazi adali atatha kuyambira Januwale. Njira idatsala imodzi. A Eveles adayeza kaye magazi a Enock ngati ali ndi matenda, adapeza alibe. Kenako adapukusa magazi a Maggie pa makina a pamanja mpaka madzi ake achikasu atayandama pamwamba. Adatenga dontho la madziwo, nkulisakaniza pagalasi ndi timaselo tofiira ta Enock. Magazi ogwirizana, maselo amakhala omwazikana, lililonse palokha. Osagwirizana, amamatirirana timagulu, ndipo akalowa m’thupi choncho amapha munthu.

A Martin adaimika galasilo pa kuwala. “Mayi, apa pali bwino. Tiyeni tipope.”

“Dikirani,” adatero a Eveles.

Adaika diso pa maikulosikopu. Malo oyamba, maselo omwazikana. Achiwiri, chimodzimodzi. Achitatu, kagulu ka maselo asanu ndi limodzi. Nthawi zina maselo amangosanjikizana ngati mbale, ndipo ukathira dontho la madzi a diripi amabalalika. Adathira, adadikira, nkuyambanso kuwerenga. Timagulu sitidabalalike. Pa malo khumi, asanu ndi awiri adali nato.

“Magazi awa sindipereka.”

Enock adali pakhomo. “Mwati chiyani amayi?”

“Sakugwirizana ndi a mlongo wanu.”

“Ine ndi Maggie mimba imodzi! Bere lomwe adayamwa iye ndine ndidalisiya. Ndiye kachitsulo kanuko kakudziwa kuposa amayi athu?”

“Amayi anu sindikuwatsutsa. Ndikunena za magaziwa.”

“Inu a m’chipatala mudazolowera kutiopseza. Zija zidatha! Ino ndi nthawi ya matipate, munthu ali ndi ufulu.”

“Ufulu muli nawo, bambo. Koma maselo sadavote.”

A Martin adatsitsa mawu. “Mayi, taonani nthawi. Akatisiya tili ndi munthu wopereka magazi pompano, tikayankha chiyani kumudzi?”

A Eveles adadziwa zomwe ankatanthauza. Maggie akafa osalandira magazi, dzina lomwe likatchulidwe pa maliro likhala lawo. Akafa atalandira, anthu angoti Mulungu watenga. Adabweza pensulo m’thumba la yunifomu.

“Mukafuna popani nokha. Ine sindisaina.”

Kenako adachita chomwe sankalola: adaitana Enock kuti akhale pa mpando wawo. “Tsinzinani diso limodzi. Musagwire chilichonse.”

Enock adasuzumira nthawi yaitali. Kenako a Eveles adaikapo galasi lina, la dontho la magazi a Enock lokha, kuti aone kusiyana.

“Apa zili ngati usipa uli pawokha m’madzi,” adatero Enock pang’onopang’ono. “Koma poyamba paja, ngati wakodwa kale mu chilimira.”

“Ndiye khoka limenelo mukufuna tiliponye m’mitsempha ya mlongo wanu?”

Enock adadzuka pampando.

“Anzanu mudabwera nawo aja ali kuti?” adafunsa a Eveles.

Awiri adali atazemba atangomva za kupopa magazi. Adatsala Abdallah, msodzi wa mudzi woyandikana nawo, yemwe adagwira machira chifukwa adakumana nawo panjira. Iye ndi Enock sankalankhulana chiyambire pomwe makoka awo adakolana ku Mbenji chaka chapitacho. Enock adatuluka, nkuima patsogolo pake, manja ali kumbuyo.

“Achimwene, akuti akuyezeni.”

“Lero ndine achimwene?” Abdallah adaseka, koma adali atayamba kale kupinda malaya. “Wallahi, ndikuchenjezeretu. Magazi anga sadziwa nkhumba. Achemwali akadzayamba kuikana, usadzandizenge mlandu.”

“Bola asadzayambe kusala Ramadani. Lowa msanga iwe.”

A Eveles adayeza matenda, adasakaniza dontho, nkunyamulira maikulosikopu ku windo lina chifukwa dzuwa lidali litasuntha. A Martin ankayendayenda kumbuyo kwawo. Malo oyamba, palibe kagulu. Achiwiri, palibe. Pofika achisanu a Martin adati, “Basi mayi, zakwana.”

“Atsala asanu.”

Adawerenga mpaka khumi, nkulemba ziro kakhumi. Kenako adasaina.

Botolo limodzi la magazi a Abdallah lidamusunga Maggie mpaka m’mawa mwake, pomwe madzi adaphwa pamsewu ndipo galimoto idamutengera ku boma. Enock sadapepese. Ku Mbenji kutatsegulidwa, adabwera ndi utaka wowamba, nkuusiya pakhomo la labu. A Eveles adagawira anamwino, nkupitiriza kuyeza mikodzo ya likodzo.

Akafunsidwa za tsikulo, amati palibe chachilendo chomwe adachita, galasi lija adaliwerenga monga ankawerengera ena onse.

Adapuma ntchito mu 2003. Diso lawo lamanja, lomwe ankasuzumira nalo, lili ndi ng’ala. Maggie amagulitsa usipa ku Chipoka, ndipo mwana adabadwa tsiku lija, Alinafe, ali ndi ana ake awiri.