Mainchesi Anayi a Sitivi

"Diresilo mukavale nokha, amayi!"

Anatero Sitivi pakhonde la a Namwera atelala, Boma lonse la Phalombe likumva, mpaka mbuzi za ku Jenala. Amayi ake anali atamukokera kumeneko kuti ayezedwe diresi la chinkhoswe, mwamuna atamupezera kale. Kwawo ankamuitana Esinta, dzina la ubatizo. Ife apamsika tinkati Sitivi, chifukwa ndi mmene anatiuzira, ndipo wotsutsa ankalawa chibakera.

Ntchito ya utelala ndinaipeza nditalephera Fomu 2 mwaulemu. Malume anakandisiya kwa a Namwera ngati nkhuku ya mphatso, zaka zija kaunjika atalanda makasitomala. Miyezi itatu ndinkangokoleza simbi ya makala, kukulunga ulusi pa bobini ndi kusokerera mabatani mamiliyoni asanu. Kenako anandipatsa tepi. Lamulo lawo linali limodzi: woyeza afuule nambala, iwo alembe m'kope, pansi pa dzina la kasitomala.

Sitivi ankapalasa kabaza. Tsiku lina abwana ali kumaliro, anabwera ndi chidutswa cha kaki.

"Aise, undisokere vesiti yothina. Pachifuwa pakhale fulati."

Ndinaseka mpaka makina anagwedera. Iye ayi.

"Ndikamasamba ndimatsinzina," anatero. "Thupili lili ngati malaya a munthu wina, koma osavulika. Wina akati Esinta, sindicheuka. Sindinasankhe, aise."

Ndinasoka, nsalu ziwiri zophatikiza, ngowe zisanu ndi imodzi m'mbali. Atavala anadziyang'ana pagalasi lathu losweka lija nthawi yaitali, n'kumwetulira. Mano ake ndinawaona koyamba tsiku limenelo. "Usauze munthu," anatero. Ndinalumbira pa manda a makolo anga onse, ngakhale amoyo.

Ndiye tsiku la diresi lija, amayi ake analira mpaka Sitivi anagonja, n'kukweza manja. Ndinazunguliza tepi.

"Chifuwa 32!"

A Namwera anatembenuza masamba a kope. "Chaka chatha pa yunifolomu ya kwaya tinalemba 36. Munthu amabwerera m'mbuyo? Iwe, sukulu inakukana, tepinso ikukukana?"

Khonde lonse linaseka ine. Ine kusekedwa sindipirira.

"Tepi sinama, abwana. Mainchesi anayi enawo ndinawatsekera ndekha m'vesiti!"

Anthu anagwa nako kuseka. Ndinamva ngati ndagoletsa chigoli. Kenako amayi aja anakoka malaya a Sitivi, mabatani n'kuwazika, n'kutenga sizasi ya abwana. Kaki yanga anaidula pamaso pa msika wonse. Sitivi sanamenye munthu. Anangofunda manja pachifuwa, n'kundiyang'ana.

"Nambala ya kasitomala ndi yake," anatero a Namwera anthu atabalalika. Ankanena iwo omwe anandiphunzitsa kufuula.

Chinkhoswe sichinachitike. Sabata yomweyo Sitivi anagulitsa njinga n'kupita ku Limbe. Amayi ake akandiona amalavula, ngati sizasi ndinagwira ndine.

Kuyambira pamenepo ndimayeza chamumtima, n'kulemba ndekha. Abwana amati ndayamba matama. Aziti.

Keyala ya Sitivi ndinaipeza kwa kondakitala wa minibasi. Ndinasoka vesiti ina, yoposa yoyamba, n'kuitumiza papositi ndi kalata ya masamba anayi, yopepesa moti mwala ukanalira. Yankho linabwera patatha mwezi, pakapepala kong'amba m'kope:

"Vesiti yafika, ikukwana. Kusoka umatha. Koma pa envulopu walemba Esinta."