Diso Lakumanzere la aTarsisio

ATarsisio Mathero, amene ife a kuno ku Fonte Boa timangowatchula kuti amesitiri, sanayambe ndi kujambula ayi. Poyamba anali kalipentala pa mishoni. Tsiku lina apadiri anawapatsa chiboliboli cha Yosefe Woyera chothyoka dzanja kuti achikonze. Kusema dzanja latsopano kunawatengera masiku awiri, koma kupeza utoto wofanana ndi khungu la dzanja linalo kunawatengera milungu itatu. Mpando umene ankakhoma nthawi imeneyo sanaumalize mpaka lero, ndipo papita zaka zoposa makumi atatu.

Amagwirira ntchito m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba yawo. Anachitchinga ndi matabwa mbali zitatu, n'kusiya kazenera kamodzi koyang'ana kumunda wa mbatatesi. Mukalowamo, choyamba kukulandirani ndi fungo la tinta, kapena kuti utoto, kenako nkhuku, chifukwa nazo zimaona ngati malowo ndi awo. Khoma lonse lakumbuyo n'lodzaza ndi timatabwa ting'onoting'ono, kalikonse kopakidwa mtundu umodzi, ndipo m'munsi mwake analembamo dzina ndi pensulo. Kena n'ka "chimanga mvula itangokata", kena "chimanga chosowa adubu", ndiye kuti feteleza, kena "phiri la Domwe nthawi ya tchire lopsa". Tinta wina amagula ku Ulongwe, wina amaitanitsa ku Dedza kudzera pa Kalomwe, koma wambiri amapanga okha. Amasefa katondo, amapala mwaye wa pa denga la khitchini, amasungunula njereza. Akazi awo, aBenvinda, anataya masefa a ufa anayi mwa njira imeneyi, mpaka anayamba kubisa yawo kwa aneba.

Chimene amesitiri ankanyadira kwambiri ndi maso awo. Ankanena poyera kuti anthu a kuno ali ndi maso ongoyendera, oti asagwere m'dzenje basi. Tsamba amati n'lobiriwira, thambo amatinso n'lobiriwira, chule nayenso n'ngwobiriwira, ndiye munthu angalankhule nawo chiyani anthu otere? Ukakumana nawo panjira ankatha kukuimitsa, n'kuloza mthunzi wa bulugamu, n'kukufunsa kuti ukuona mtundu wanji. Ukayankha kuti wakuda, ankapukusa mutu ngati wawauza za maliro.

Zojambula za m'chigafamo sizinkagulidwa. Chimene chinkawadyetsa ndi kulemba ndi kujambula pa makoma a mabaraka ogulitsiramo zinthu, zigayo ndi malo ometera. Ndiye chaka china aSilvano, amene amagulitsa nyama m'mbali mwa msewu wopita ku Ulongwe, anamanga talyo yatsopano ya njerwa zootcha, n'kuitana amesitiri kuti ajambule ng'ombe pakhoma loyang'ana kumsewu. Ankafuna ng'ombe yofiirira, yonenepa, ya linunda, yoti munthu akaiona malovu adzaze m'kamwa.

Amesitiri anasakaniza utoto wake m'chigafa muja kwa sabata yathunthu. Ankati akauyang'ana ankaona kuti wachita chikasu kwambiri, ndiye ankawonjezera azulu, utoto wa buluu uja, pang'ono kuti ukhazikike. Akauyang'ananso, chikasu chija chili pomwepo, n'kuwonjezeranso azulu. Ng'ombe itatha, inali yokongola ndithu, miyendo inayi, nyanga zoongoka, linunda lili pamalo pake. Koma mtundu wake unali wa maluwa a jakaranda, umene Apwitikizi amati rosho.

ABenvinda anaiona Loweruka akuchokera kumsika atasenza dengu la tomato. Atafika kunyumba anatula dengulo, n'kufunsa amuna awo kuti ng'ombe ya mtundu umenewo anaiona m'khola la ndani. Amesitiri anayankha kuti ng'ombe zonse zofiirira zili choncho, kungoti anthu samaziyang'anitsitsa. Anawonjezera kuti zingakhale bwino aliyense atamasamala za ntchito yake, poti nyemba zinali pamoto.

ASilvano nawo poyamba anakwinya nkhope, koma kukwinyako sikunathe mwezi. Ana asukulu ankaima kuionerera. Madalaivala a malole opita ku Kalomwe ankaima, kuijambula ndi foni, kenako kugula kilo imodzi kapena awiri a nyama poti aima kale. Okwera chapa, maminibasi athu aja, anayamba kuuza wotolera ndalama kuti akatsika pa Rosho, ndipo dzinalo linakhazikika. Eni mabaraka ena anachita nsanje, n'kuyamba kuitanitsa zawo. Chigayo cha ku Lifidzi chinalandira chisononkho cha chimanga chokhala ngati chaviikidwa m'tinta wa cholembera. Malo ometera pafupi ndi msika analandira mitu ya anyamata yooneka ngati biringanya. Amesitiri anakondwa kwambiri. Ankauza anzawo pambuyo pa misa kuti potsiriza anthu a kuno ayamba kuzindikira chithunzi chofanana ndi chinthu chenicheni.

Zinayenda choncho zaka zisanu. M'zaka zomwezo panachitikanso tinthu tina timene amesitiri sankatiwerengera. Anapereka moni waulemu kwa chitsa cha pa mphambano, n'kudandaula kunyumba kuti anthu masiku ano sayankha. Pa misa anasiya kuwerenga mawu a Mulungu, akuti mabuku atsopano amalembedwa ndi tinta wotsika. Tsiku lina akutsetsereka ndi njinga analowa m'ngalande imene yakhala pamenepo chibadwire iwo, n'kuphwanya zitini zitatu za utoto ndi bondo limodzi.

Mwana wawo Natércia, amene ndi kalaliki ku Ulongwe, anabwera kudzawazonda. Ataima nawo pakhomo dzuwa likuwawomba kumaso, anaona kuti timwana ta m'maso mwawo tachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Sanakambirane nawo zambiri. Anamva kuti madokotala a maso abwera kuchipatala mwezi wotsatira, ndipo anangokawalembetsa. Amesitiri anakana kwa milungu itatu. Ankati m'boma lonse la Angónia, ngati pali maso osafunika dokotala, ndi awo. Koma tsikulo litafika anakwezedwa chapa, mbali iyi mwana, mbali inayo mkazi.

Dokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo ayamba ndi lakumanja. Linalo adzachita pakapita miyezi.

Opaleshoni inachitika, ndipo m'mawa mwake atawachotsa thonje, amesitiri anaunguzaunguza. Khoma la chipinda chimene anagonamo, limene dzulo lake linali ngati phala la mgaiwa, linali loyera mpaka kulasa m'maso. Kunja thambo linali la azulu woti sanamuonepo kwa zaka zambiri, ndipo sankadziwa n'komwe kuti anasiya kumuona. Anatembenukira kwa akazi awo.

"Amake Natércia, imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zina munabweretsa ndinu," anatero aBenvinda, akumanga zofunda mu chitenje.

Pobwerera, chapa inaima pa Rosho kutsitsa anthu. Amesitiri anasuzumira pazenera, n'kuona khoma la aSilvano. Anayang'ana, kuyang'ananso. Kenako anaphimba diso lakumanja ndi chikhatho, n'kuyang'ana ndi lakumanzere lokha. Ng'ombe ija inali yofiirira bwinobwino, monga anaijambulira. Atachotsa chikhatho, inabwereranso ku maluwa a jakaranda. Anachita zimenezi kanayi, mpaka mayi wina amene anakhala moyang'anana nawo anaganiza kuti akumutsinzinira, n'kutembenuza nkhope.

Kunyumba sanadye. Analowa m'chigafa n'kuima kutsogolo kwa timatabwa tawo. Takale tija tinali bwino. Koma ta zaka zisanu zapitazi tinali ngati tajambulidwa ndi munthu wina. "Chimanga chosowa adubu" chinali cha mtundu wa yunifolomu ya ana asukulu. Anatuluka n'kukapeza akazi awo akusenda mbatatesi, n'kuwafunsa chifukwa chimene anawasiyira kuchita manyazi pamsewu zaka zonsezi osawauza. ABenvinda anati anawauza tsiku loyamba lomwe, ndipo anatumizidwa kukaona nyemba.

Diso litapola, amesitiri anadikira tsiku limene aSilvano anapita ku Lifidzi kukagula ng'ombe. Anamanga zitini pa njinga, kukafika pa talyo, n'kuuza wogulitsa kuti abwera kudzakonza pang'ono. Anagwira ntchito tsiku lonse. Ife amene tinaiona tikhoza kuchitira umboni kuti ng'ombe imene inatuluka pakhomapo inali yabwino kuposa chilichonse chimene anajambulapo. Inali yofiirira ngati katondo wonyowa, yakuda pang'ono m'khosi, yowala pamsana, mwakuti ukanaiika m'khola zinzake zikanaisunthira malo.

Palibe anaima kuiyang'ana. Ng'ombe zotere anthu amaziona tsiku lililonse zikudutsa msewu womwewo. Alendo okwera chapa amene anauzidwa kuti akatsike pa Rosho ankapitirira mpaka ku Ulongwe, n'kubwerera wapansi akutukwana. Ena anafalitsa kuti aSilvano agulitsa malowo kwa munthu wa ku Tete.

Tsiku lachitatu aSilvano anafika kuchigafa chipewa chili m'manja. Anapereka moni, kufunsa za diso, kufunsa za bondo, kenako anati:

"Amesitiri, ng'ombe yanga mwaipititsa kuti?"

Amesitiri anafotokoza kuti ijayi inali yolakwika, inali matenda, ndipo iyi ndiye ng'ombe yeniyeni. ASilvano anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako anati ng'ombe zenizeni ali nazo kale zisanu ndi ziwiri kuseri kwa talyo, pakhoma akufunapo yawo ija.

Apa ndi pamene ntchito inavuta. Amesitiri anasakaniza utoto kwa milungu iwiri, koma rosho uja sankatuluka. Wina ankachita kuwala ngati diresi la ukwati, wina ankada ngati chilonda. Mtundu umene anaupeza osaufuna unawakana atayamba kuufuna. Potsiriza, tsiku lina masana, anatenga mpango wa akazi awo, kumanga diso labwino lija, n'kuyamba kusakaniza ng'ombe yofiirira ndi diso lakumanzere, monga ankachitira kale. Ataona kuti yafiirira bwino, anamasula mpango. M'chitinimo munali rosho weniweni.

Anakajambula ng'ombeyo atamanga mpango womwewo, ali pa makwerero, anthu atadzaza mumsewu. Ena ankati ndi mankhwala. Nkhani inamveka mpaka ku Kalomwe kuti kuli mmisiri wojambula atatseka diso, ndipo ntchito zinachuluka kuposa kale.

Tsiku la diso lachiwiri litayandikira, amesitiri anati sangapite, akukumba mbatatesi. Natércia anakapempha tsiku lina. Litafika amesitiri anati kuli maliro a msuweni wawo, amene anali asanamuyenderepo kwa zaka khumi. Ulendo wachitatu Natércia anabwera yekha n'kuwafunsa maso ndi maso. Iwo anavomera kuti akuopa. Diso labwino linawabwezera dziko, koma lodwalalo ndi limene linkagwira ntchito imene anthu ankaifuna, ndiye akalichiritsa adzajambula ndi chiyani?

"Ababa, anthu amayenda wapansi kuchokera ku Domwe kuti achotsedwe ng'ala," anatero Natércia. "Inu mukuiweta."

Nkhaniyo anaithetsa ndi aBenvinda, amene anali pa mphasa akutola miyala mu nyemba. Anati zaka zonsezi zitini amatsuka ndi iwo, ndipo amaona zimene zimalowamo. Pa makapu atatu a katondo amuna awo amathira kapu imodzi ndi theka ya azulu, ndi supuni ziwiri za njereza, kenako amaima, kudandaula kuti chikasu chachuluka, n'kuthiranso theka la kapu. Amesitiri anaseka. Anati mtundu sayeza ngati mchere wa m'ndiwo. ABenvinda anadzuka, kulowa m'chigafa, kuthamangitsa nkhuku, ndipo asanathe mphindi khumi anatuluka ndi chitini. Amesitiri anapaka pang'ono pa thabwa pafupi ndi rosho wawo, kudikira kuti uume, kupita nalo padzuwa, kubwera nalo pamthunzi. Unali mtundu womwewo. Mlungu wotsatira anakwera chapa okha kupita kuchipatala.

Kuyambira pamenepo, utoto wa m'mabaraka amasakaniza ndi aBenvinda, amuna awo n'kumakapaka. Anthu akafunsa, amesitiri amati mayiwa ali ndi dzanja lokhazikika. Za maso awo sanenapo kanthu, ndipo anasiya kuimitsa anthu panjira.

Ntchito yawoyawo sanaisiye. Chiwachotsereni ng'ala anazindikira kuti kuyera kuli mitundu yambiri, ndipo tsopano ndi kumene kuli mtima wawo. Akuti kuyera kwa ufa si kwa njereza, kwa njereza si kwa duwa la mbatatesi, ndipo kwa nkhungu ya m'mawa nyengo yozizira, ija imakuta dambo lonse kumunsi kwa mishoni, kuli ndi mitundu isanu ndi iwiri mkati mwake. Nkhunguyo ndi imene akujambula pa thabwa lalikulu ngati chitseko, ndipo chaka chino n'chachiwiri. Amadzuka m'mamawa kukaima m'mphepete mwa dambo atavala jekete ziwiri, kenako amabwerera kukapaka kachigawo kochepa ngati chikhatho, mawa lake n'kukafufutanso. Amati yatsala pang'ono kutha.

Alendo akalowa m'chigafamo amaima kutsogolo kwa thabwalo mwaulemu, kenako amafunsa kuti amesitiri akuganiza zodzajambulapo chiyani. Mwezi watha apadiri atsopano anabwera kudzaona, ndipo pofuna pokhazika chipewa chawo, anachikoleka pa ngodya yake.