A Zakeyu ndi Mbewa za ku Esiteti

Kwa Mkanda, mukafunsa za a Zakeyu, anthu amangoloza pansi: mizere itatu ya matayala yolowera kutchire. Chiwagwereni ngolo ya fodya zaka khumi zapitazo, miyendo inakana ntchito, koma nkhuli sinamve nawo uthengawo. Amayenda pa njinga yopalasa ndi manja, kakhasu kumbuyo, thumba pamiyendo, kukakumba mbewa. Akazi awo, a Luwiza, amati mbewa za m'dera lonse zimadziwa kulira kwa tcheni chija kuposa belu la tchalitchi.

Chaka chatha mu Okutobala analowera ku esiteti yakale imene inasiyidwa. A Luwiza anawachenjeza kuti kuseri kwa zigafa za fodya zakugwa kuja kuli manda a matenanti ochokera kutali, amene abale awo sanabwere kudzawatenga. Iwo anayankha kuti mbewa ilibe mfumu.

Dzuwa lili paliwombo, anapeza una wonona pakamtumbira. Anatsika, n'kuika mwala kutayala monga mwa masiku onse, n'kuyamba kukumba chokhala. Akapuku asanu analowa m'thumba. Kenaka khasu linakoka nsanza ya bulangete.

Apo m'pamene anamva tcheni chikulira kumbuyo kwawo.

Potembenuka, njinga inali ikupita yokha, pang'onopang'ono, zopalasira zikuzungulira, pamalo athyathyathya ngati bwalo la mpira. Inakaima patali, pansi pa mthethe, n'kutembenuka kuyang'ana iwo. Mphepo kunalibe. Kumunsi, osaka anzawo anali atayatsa tchire, ndipo moto unali ukukwera, udzu ukuthetheka. Kukwawa mpaka pamtengopo, moto ukanawapeza panjira.

A Zakeyu, munthu amene sapepesa ngakhale kwa apongozi, anamasula thumba. Akapuku anabwerera kwawo. Anakwirira dzenje ndi manja, n'kusalaza bwinobwino, n'kuwomba m'manja katatu.

"Pepani eni ake, ndinalowa opanda odi. Nanenso ndine wobwera, kwathu n'ku Thyolo. Ndibwezereni miyendo yanga."

Tcheni chinaliranso. Njinga inabwera n'kuima pambali pawo, mwaulemu ndithu. Mpando wake, umene unakhala padzuwa lonse lija, unali zii ngati mtsuko wa madzi.

Anapalasa utsi uli m'maso, koma njinga inkalemera ngati yanyamula matumba awiri a chimanga. Sanacheuke. Atangofika pamsewu waukulu, pamene anthu amadikirira galimoto, inapepuka mwadzidzidzi, mpaka anatsala pang'ono kugwa chagada.

Tsiku limenelo kunyumba anadyera nkhwani, ndipo sanadandaule, chinthu chimene chinawaopsa a Luwiza kuposa nkhani yonseyo.

Kusaka sanasiye. Kungoti masiku ano una uliwonse amayamba auodira, anthu n'kumaseka. Koma ku esiteti amapitako kamodzi pamwezi, opanda khasu, opanda thumba. A Zakeyu amati kumeneko kudakali anthu ambiri ofuna kufika pamsewu.