Mfuti ya Abambo ndi Maso Anga

Ndikukumbukira fungo la madzi otuluka mu mpope wa mfuti ya abambo. Linali ngati la dzira lovunda, ndipo linkakanirira m'manja tsiku lonse ngakhale usambe ndi phulusa. Tinkakhala ku Nkhulambe, m'tsinde mwa phiri. Ine Esime ndinali mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, woyamba kubadwa m'nyumba yopanda mwana wamwamuna.

Abambo anali mkamwini pamudzi pa amayi. Kwawo kunali ku Jenala. Atabwerako ku nkhondo ya azungu, a boma anawabwereka mfuti yakale ya asilikali, yakale kuposa nkhondo imene iwo anakamenya, kuti aziphera nguluwe ndi anyani oononga minda. Mkamwini sakhala ndi mawu pamudzi pa eni, koma mkamwini wa mfuti ankati akafika pabwalo anthu n'kumuyalira mphasa.

Mfutiyo ikangolira, ngakhale kamodzi, inkayenera kutsukidwa tsiku lomwelo, chifukwa wonga wake unkasiya mwaye wodya chitsulo. Ine ndinkawiritsa madzi. Abambo ankaitsamiritsa pa mtengo wa mango, kukamwa kwake kutaloza pansi, n'kumathira madziwo kumbuyo kudzera pa kachitini kopinda. Oyamba ankatuluka akuda bii, kenako ofiirira, mpaka oyera. Chitsulo chinkatentha n'kuuma chokha. Akatero ankaponyamo chingwe chokhala ndi kamsomali kumapeto, n'kukoka kansanza, kenanso, pomaliza konyowetsa ndi mafuta a makina osokera. Amayi ankadandaula kuti nsalu zawo zikuthera mumfuti, komanso kuti pakhomo pathu chitsulo ndicho chinkasamba madzi otentha pamene ana a munthu ankanjenjemera kumtsinje.

Kunkhondo, abambo ankatero, msilikali amaika chikhadabo kumbuyo kwa mpope kuti chigwire kuwala, ndipo sajeni amasuzumira kukamwa kwa mfutiyo. Ndiye ankatsegula kumbuyo, n'kundionetsa kuti mulibe chipolopolo, n'kuika chala chawo chachikulu. Sajeni ndinali ine. Mu mpopemo mukayera bwino ndinkaona mizere yopotana ikunyezimira mpaka pa chikhadabo chawo, ndipo ndinkakweza mapewa n'kunena kuti msilikali wapambana. Poyamba ankasuzumiranso okha pambuyo panga. Kenako anangosiya, ine n'kumayesa kuti andikhulupirira.

Tsiku lina ndinafuna kuwaseka. Kansanza katatuluka kakuda ndi mwaye, ndinawapatsa n'kunena kuti kayera. Anakayandikitsa kumaso, anakatembenuza, n'kuvomera kuti zoona kayera. Anayamba kufufuza botolo la mafuta ndi dzanja, pamene linali pomwepo pafupi ndi bondo lawo. Ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinaona kamtambo koyera pakati pa diso lililonse. Kuseka kunandithera m'kamwa. Iwo anamva kuti ndakhala chete.

"Esime," anatero motsitsa mawu, "amako usawauze, ngakhale amalume ako. Akadziwa, mfuti ipita. Ikapita, ine pamudzi pano ndine ndani?"

Ndinalonjeza.

Chaka chotsatira mvula inakana. Chimanga chinauma chili m'mawondo, nandolo anangoima ngati zitsotso, ndipo chimene chinatsalira anthu chinali chinangwa cha m'mbali mwa phiri. Anyani nawonso njala inawatsitsa. Ankabwera masana, osaopa ngakhale agalu, n'kumazula chinangwa eni ake akuona. M'mawa uliwonse pakhomo pathu pankafika munthu kudzadandaula, ndipo abambo ankanyamula mfuti, ine pambuyo pawo ndi chikho cha madzi. Anthu ankati amandikonda kwambiri. Zoona zake, ine ndinali maso awo. Ndinkawanong'oneza kuti nyani ali pa mwala wa kumanzere, kapena pansi pa mtengo wa masuku, iwo n'kuloza pamene pali chithunzithunzi chakuda. Kawiri konse anapha. Nthawi zina kulira kwa mfuti kokha kunkabweza gulu lonse kuphiri masiku awiri.

M'mawa wina amayi anandituma kukatunga madzi kutali, chifukwa chitsime chathu chinali chitaphwa. Ndinafuna kukana koma ndinalibe chifukwa chimene ndikanatha kutchula. Ndili pobwerera, mtsuko uli pamutu, ndinamva mfuti ikulira kuminda. Kenako ndinamva mfuu ya munthu wamkazi.

Anali amake Fanesi, oyandikana nafe munda. Anali atawerama akukumba chinangwa, atafunda nsalu yakuda. Chipolopolo chinawaphwanya phewa la kumanja. Amuna anayi anawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Abambo ndinawapeza atakhala pa mzere, mfuti ili pansi, akufunsa aliyense wodutsa ngati mayiyo akupuma.

Mawa lake akuluakulu anasonkhana pakhomo pa amalume anga, a Mulipa, amene anali mwini mbumba yathu. Panalinso mesenjala wa boma. Abambo a Fanesi anaimirira n'kunena kuti imeneyi sinali ngozi. Anakumbutsa anthu za mkangano wa malire a munda umene anali nawo ndi abambo chaka chapitacho. Anafunsa kuti msilikali wopha nyani ali pamwamba pa mwala angalephere bwanji kusiyanitsa nyani ndi munthu dzuwa lili phwee. Anthu anayamba kung'ung'udza movomereza. Mesenjala anati ngati zili choncho, nkhaniyi ndi ya ndende ya zaka zambiri.

Amalume anafunsa abambo katatu kuti afotokoze. Iwo anangoti, "Ndinayesa nyani."

Ine ndinali pakati pa amayi ndi azakhali, kumbali ya akazi. Mwana wamkazi sankalankhula pabwalo lotere. Koma ndinaona kuti abambo asankha ndende m'malo motchula mawu awiri okha. Ndinanyamuka n'kukagwada pamaso pa amalume.

"Amalume, abambo saona. Anasiya kuona bwino chaka chatha. Ine ndi amene ndimawalozera."

Amalume anatenga khasu limene linali pakhonde, anaima patali ngati mapazi khumi, n'kulikweza m'mwamba.

"Alamu, ndanyamula chiyani?"

Abambo anatukula nkhope, anayang'ana nthawi yaitali kumbali kumene kunachokera mawu, kenako anaweramitsa mutu. Amayi anayamba kulira chapansipansi. Abambo a Fanesi anakhala pansi.

Ndende sanapite. Mesenjala anati mfuti ibwerere ku boma, ndipo akuluakulu anagamula kuti banja lathu lizilima munda wa amake Fanesi. Abambo anapempha chinthu chimodzi: kuti asaipereke ili yakuda. Anawiritsa okha madzi, anapsa nawo chala pofufuza kachitini, anakoka nsanza zambiri kuposa masiku onse chifukwa sankadziwa ngati yayera. Ndinaima pafupi ndi mtengo wa mango kudikira kuti andiitane ndidzasuzumire. Sanandiitane. Anaipaka mafuta, anaikulunga m'chiguduli, n'kuipereka kwa mesenjala ndi manja awiri.

Amake Fanesi anachira, koma dzanja lawo lamanja silinagwirenso khasu. Ine ndi amayi tinalima munda wawo mpaka ine kukwatiwa. Ankandipatsa moni bwinobwino, ndipo nthawi zina ankandisungira kalongonda wophika, zimene zinkandipweteka kuposa akanandilalatira. Ndinkadziwa kuti ndikanalankhula msanga, phewa lawo likanakhala lathunthu.

Abambo anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri akuluka malichero pakhonde. Sanandimenye, sanandikalipire, komanso za tsiku lija sanazitchulepo mpaka imfa yawo. Ndinkawatsogolera ndi ndodo kutchalitchi, tikuyenda chete. Mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira, kapena ngati ankaona kuti panalibe choti akhululuke.

Masiku ano ku Nkhulambe nguluwe zinatha, ndipo munthu sangasunge mfuti pakhonde ngati kale. Zaka zingapo zapitazo nanenso maso anayamba kuchita chifunga. Mdzukulu wanga ananditengera kuchipatala pa njinga, adokotala anati ndi ng'ala, ndipo anaichotsa m'mawa umodzi, nthawi yosakwana yophikira nyemba. Atandimasula nsalu kumaso mawa lake, ndinaona ulusi uliwonse wa chitenje changa. Namwino, mtsikana wamng'ono waulemu, ataona misozi anandifunsa ngati diso likuwawa. Ndinamufunsa ngati matenda amenewa ndi omwe aja ankachititsa khungu akuluakulu akale.

"Ndi omwewo, agogo," anatero. "Ndi kanthu kakang'ono."