Zigubu za Mafuta Akuda

Uthenga udandipeza ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba ya abwana ku Area 10, zopanira ziwiri zili kukamwa. Foni idalira m'chitenje, ndidadina pobiriwira paja, ndipo mawu a Esinati, mwana wanga mmodzi yekhayo, adatuluka. "Amayi, ati si khansa. Chotupa cha m'bere chija ati n'chosayenda, achichotsa Lachinayi." Mayo ine, mayo ine! Ndidalavula zopanira, ndidaimba nthungululu mpaka agalu a mipanda itatu adandiyankha. A Jailosi, alonda a pageti, adathamanga ndi chibonga, amvekere, "Kwagwanji, Anaphiri? Njoka?" Ndidati, "Njoka yafa, achimwene, yafa njoka!"

Koma nthungululu ija idathera pakhosi. Esinati wapulumuka, inde. Nanga adzukulu anga atatu, amene ndidawatumizira mafuta akuda zaka zisanu ndi ziwiri? Dikirani ndiyambire poyambira, ndi sukulu yanga ya kwachayi, zilembo zikuyenda chopendama ngati nkhuku yonyowa.

Ndidachoka kwathu, kuseri kwa Mitundu, bambo a Esinati atatisiya. Fodya adakana, denga lidayamba kudontha, ana a Esinati akupita kusukulu opanda nsapato. Mayi wina wa kumpingo adati ku Area 10 kuli banja likufuna wophika wachikulire, osati mtsikana. Esinati adalira, "Amayi, pa msinkhu wanuwu mukakolope nyumba ya eni?" Ndidati, "Mwana wanga, manja ndikadali nawo awiri." Ndidamanga kachikwama, ndidakwera minibasi, ndidatsikira kudepoti ku Old Town.

Area 10, Area 10, dziko la mipanda. Kulibe odi, kulibe kupalana moto, kulibe mwana wolira kuseri. Munthu akhoza kumwalira woyandikana naye akuthirira maluwa. Lamulungu masana ndinkakhala pakhomo pa kachipinda kanga n'kumayankha wailesi ngati mnzanga. Malipiro akabwera, gawo lalikulu ndinkatumiza pafoni, langa linali la sopo ndi chopereka.

Abwana anga anali Amayi Msiska, ochokera ku Rumphi, ophunzitsa anamwino. Munthu wabwino, koma wa malamulo. Lamulo lawo lalikulu la kukhitchini linali ili: "Anaphiri, mafuta akakazinga kawiri, akada, tayani." Kutaya mafuta! Ine amene kwathu tinkagula oyeza pa kasupuni, ine nditaye mafuta? Ndinkati, "Chabwino, mayi," kenaka ndinkawasefa ndi kansalu, kuwathira m'chigubu, chigubu kunsi kwa bedi. A tchipisi momwemo, a nsomba momwemo, a nkhuku momwemo. Mwezi ukatha ndinkasenza chigubu mpaka kumsika wa ku Old Town, kwa Nachisale wa kwathu wogulitsa tomato, iye n'kukafikitsa kumudzi. Madzulo ake mawu a Esinati pafoni: "Afika, amayi. Zikomo kwambiri, akutithandiza." Ine mtima mbee, n'kumati adzukulu anga akudya zonona ngati ana a mabwana.

Chimene chinkandiseketsa n'chakuti Amayi Msiska, ndi galimoto yawo yonseyo, ankandituma bonongwe, chisoso, nkhwani ndi malambe. Ndinkati m'mtima, anthu a ndalama misala, kugula udzu umene kwathu umamera kuseri kwa khola.

Ndiye idafika miyezi iwiri yapitayo. Esinati adamva kanthu kolimba m'bere. Adabwera kuchipatala chachikulu, madokotala adamudula kanyama kuti akapime, adati dikirani. Kudikira, abale, kudikira! Mchere ndinkathira kawiri, tiyi ndinkaiwala masamba. Tsiku lina m'mawa ndidalimba mtima. "Mayi, kodi khansa imachokera kuti?"

Amayi Msiska adakoka mpando, adatenga peyala, adalidula pakati. Chibenthu china adachifinyira ndimu, china adachisiya. Adati, "Anaphiri, thupi limagwiritsa mpweya ngati moto wophikira. Moto uliwonse umathetheka mbaliwali. M'thupi namonso muli timbaliwali tosaoneka." Adatchula dzina lake la Chingerezi, lilime langa lidalikana. "Timeneti timawaula zam'kati pang'onopang'ono, ngati dzimbiri pa khasu. Ukalamba wathuwu, mbali ina ndi dzimbiri limeneli. Thupi limadzikonza lokha tsiku ndi tsiku, ndipo masamba ndi zipatso zimalithandiza. Koma timbaliwali tikachuluka, nthawi zina timawononga malangizo amene kanyama kalikonse kamatsatira pokula, ndiye kamayamba kukula mosamvera. Khansa ikhoza kuyamba choncho."

Ndidayang'ana manja angawa, makwinya okhaokha, ndidati dzimbiri langa ndi ili. Ndidayang'ana peyala: chibenthu chopanda ndimu chidayamba kuda. Ndidafunsa, "Nanga chimachulukitsa timbaliwalito n'chiyani?"

Adawerenga pa zala. "Fodya. Utsi. Mowa wambiri. Nyama yopserera. Ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda, aja ndimati muzitaya aja. Ndipo dzimbiri silithamanga, likhoza kuoneka patapita zaka."

Ndidagwira sinki. Chigubu china chinali kunsi kwa bedi langa nthawi yomweyo, chodzaza theka. Milungu itatu ndidayenda ndi mwala pachifuwa, ndikuti ndapha mwana wanga ndi manja anga, ndamupha ndi mphatso.

N'chifukwa chake tsiku la uthenga lija, nditapukuta misozi, ndidalowa m'nyumba, ndidagwada, ndidaulula zonse. Amayi Msiska adavula magalasi. "Zaka seveni, Anaphiri? Mukanandipempha atsopano!" Kenaka adati, "Khansa ilibe khomo limodzi, palibe angaloze chala kuti ndi ichi chokha. Ambiri adya zoterozo ali bwino. Koma ana aja asiye lero, osati mawa." Ndidati, "Mayi, za pafoni sizikwana. Ndipite ndikanene ndi pakamwa panga."

Ndidafika kumudzi Loweruka, Esinati atatuluka kale m'chipatala. M'minibasi monse ndinkangoyeseza mawu, mawu osabwera. Adzukulu adandithamangira, Tamandani, Chikondi ndi Yamikani. Ine m'malo mowakumbatira ndidayamba kuwatembenuza, kuwayang'ana m'maso, kuwagwira m'khosi. Tamandani, wamkulu uja, adati, "Agogo, mukutisankha ngati mbuzi za pamsika bwanji?" Sindidaseke. Ndidalowa kukhitchini, ndidasuzumira kuseri kwa mitsuko, chigubu palibe. Ndidati basi, amaliza onse.

Esinati adali pamkeka pakhonde, bandeji pachifuwa. Ndidagwada patsogolo pake. Adadzidzimuka, "Amayi, dzukani! Anthu aona ati chiyani?" Ndidati, "Ndisiye. Mafuta aja ndinkatumiza aja anali otaya. Abwana ankati nditaye, ine ndinkabisa. Ati amadyetsa dzimbiri m'thupi. Ndakudyetsani poizoni zaka zisanu ndi ziwiri, iwe ndi anawa."

Esinati adandiyang'ana. Milomo idayamba kugwedera. Ndidati akulira. Ayi ndithu, kuseka! Adagwira pabala, "Mayo, ulusi uduka, amayi musandiseketse!" Kenaka adakuwa, "Bambo a Tamandani, tabwerani mudzawauze apongozi anu za mafuta!"

A Gelesomu, akamwini anga, ndi munthu wa mwambo. Chikwatirire mwana wanga sadayambe andiyang'ana kumaso. Adabwera, adanjuta patali pafupi ndi nkhokwe, nkhope kumbali, chipewa m'manja. Adatsokomola, adalankhula kudzera kwa Esinati. "Uwauze amayi kuti atikhululukire. Mafuta aja sitidadyepo."

"Tidayesa kamodzi," adatero Esinati. "Chigubu choyamba chija tidakazingira mazira. Nyumba yonse kununkha nsomba ya dzana, Tamandani adasanza. Kuyambira pomwepo amatenga ndi bambo akewa."

A Gelesomu adaloza ndi chipewa. Pansi pa nkhokwe padali makasu asanu ndi limodzi, nkhwangwa ndi zikwakwa, zonse zili phuliphuli. "Timapaka tikamaliza kulima, dzimbiri siligwira. Ena timathira ku mateyala a ngolo, idasiya kulira. Mudzi wonse umadzapempha kuno. Uwauze amayi kuti ngolo ikuthokoza."

Ndidakhala pansi, miyendo tambalale. "Nanga ndiwo mumadyera chiyani?"

"Nsinjiro, amayi, monga mudatilerera. Bonongwe wotendera, nkhwani wotendera."

"Nanga bwanji osandiuza, mwana iwe? Zaka zonsezi ukuti akutithandiza!"

Esinati adasiya kuseka. "Kodi ndidanama? Amatithandiza. Nachisale ankatiuza mmene mumafikira kumsika, chigubu pamutu, thukuta kamukamu, nkhope ikuwala. Mudali nokhanokha kumipanda kuja, amayi. Chigubu chija ndicho chinkakufikitsani kwathu mwezi ndi mwezi. Tikadakulandani bwanji?"

Apo ndiye ndidalira, kulira kwenikweni, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkati ndikuwadyetsa, chonsecho iwo ndiwo ankandisunga. Ndidayang'ana kuseri kwa khola, bonongwe ali gwirigwiri, yemwe uja abwana amagula ndi ndalama. Nditapukuta m'maso ndidaimirira, ndidamanga chitenje m'chiuno, ndidaitulutsa nthungululu ija idatsakamira pakhosi ku Area 10, yonse, mpaka kumapeto kwake.

Ndipo adabwera, abale, adabwera! Adabwera Nachisale wa tomato, akuti, "Ine ndinkadziwa, koma pakamwa ndidatseka!" Adabwera Nabanda ndi mwana kumsana, adabwera Nankhoma wa kumpingo uja adandipezera ntchito, adabwera achemwali anga Anagama ndi ndodo yawo, adabwera a Folomani a njinga ndi botolo lopanda kanthu, kudzafunsa ngati ndabweretsa ena. A Jailosi adaimba foni kuchokera pageti, ndidawauza za makasu aja, Amayi Msiska ali pambali pawo akuseka. Adavina Tamandani, adavina Chikondi, adavina Yamikani. Esinati adaomba m'manja ali pamkeka, pang'onopang'ono, kusamala ulusi. Ndipo uko patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope kumbali, phazi limodzi likugunda pansi, a Gelesomu.