NyaShaba ndi Masewera a ku Joni

NyaShaba sadziwa kukhala pansi. Dzina lake ndi Immaculate, koma kuno kufupi ndi Embangweni mkazi timamuitana ndi mfunda wa bambo ake, ndiye dzinalo limangomveka kutchalitchi. Amaphunzitsa pasukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, ine, Emmie, ndimaphikira anawo phala. Ndinabwera kuno kudzakwatiwa kuchokera ku Kasungu, ndipo munthu woyamba kuseka Chitumbuka changa anali iyeyu. Mpaka lero sanasiye.

Mukamuona pantchito mungatope ndinu. Uku akupukuta mwana mamina ndi nsonga ya chitenje, uku akuleretsa awiri olimbirana chitini, pakamwa nyimbo ili mkati. Anamaliza Fomu 4, n'kukwatiwa ndi Nason, yemwe ali ku Joni monga amuna ambiri a kuno. Ali ndi mwana mmodzi, Rute, wa zaka zinayi, amene amaphunzira pasukulu yathu yomweyi.

Chaka chatha zinthu ziwiri zinamugwera nthawi imodzi. Bungwe lina linali litamutumiza kukoleji ku Mzuzu, komwe ankapita patchuthi kukaphunzira za kaleredwe ka ana, ndipo tsopano anafika pa gawo lomaliza, lochita kafukufuku. Kenako Nason anaimba foni kuti wamupezera ntchito yolera ana a bwana wina ku Joni, malo m'galimoto ya Steve, amene amatenga anthu kupita nawo kumeneko, walipira kale. Rute atsala ndi apongozi, paja kuno mwana ndi wa kuchimuna. NyaShaba anavomera, anangopempha kuti amalize kaye kafukufukuyo. Za ulendowo sanamuuze Rute.

"A Emmie, akhala bwino uyu," anandiuza. "Ana angati m'sukulu muno ali ndi agogo awo? Mbwenu akukula basi."

Ine zinandiwawa, koma nyumba ndi ya eni ake, ndinangotakasa phala langa.

Mutu wa kafukufuku wake unali wakuti: ana amasewera chiyani akuluakulu akapanda kuwauza chosewera? Aphunzitsi ake, Mayi Cecilia Mkandawire, anati ayambe wapempha chilolezo kwa makolo. Amayi onse anayankha chimodzimodzi: "Funsani adada ake." Adadawo ali ku Joni. Ndiye NyaShaba anakhala masiku ali pamwamba pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pomwe netiweki imagwira, akufotokozera amuna a eni ake za kafukufuku. Wina anafunsa ngati mwanayo akamutenga magazi. Wina anati ngati kukubwera mabulangete amulembenso mng'ono wake, amene anali asanabadwe n'komwe.

Chilolezo chitakwana, anawandandalika ana pamkeka, iye n'kuima kutsogolo ndi kope.

"Mumakonda masewera anji?"

Chris, mtsogoleri wa zipolowe zonse pasukulupo, anati mpira. Onse anati mpira, ngakhale Providence, amene mpira ukamadza amabisala kumbuyo kwanga. NyaShaba analemba mosangalala kuti ana onse amakonda mpira. Mayi Mkandawire atabwera kudzamuyendera anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

"NyaShaba, awa si mayankho, iyi ndi kwaya. Mwana wa kuno mphunzitsi akafunsa amanena chimene chingamusangalatse mphunzitsiyo. Musawafunse. Khalani pambali, muyang'ane, mumvetsere. Musawathandize, musawakonzere, pokhapokha wina akafuna kuvulala."

"Yewo, madamu," anatero NyaShaba. Ine ndinatembenukira kukhoma kuti asaone mano anga.

Tsiku loyamba anakhaladi pampando, kope pamiyendo. Ana ataona madamu akhala ndi cholembera, anabwera okha kudzakhala pansi, manja pachifuwa, kudikira phunziro. Anawathamangitsa kuti akasewere, iwo n'kukaima patali akumuyang'ana ngati mbuzi zoona mlendo m'khola. Tsiku lachiwiri anapirira mpaka pamene wina anavala nsapato mosemphanitsa. Anadzuka asakudziwa kuti wadzuka.

"Ndapota, a Emmie, mundimange chingwe," anadandaula. "Kafukufuku uyu ngwa anthu aulesi."

Njira anaipeza mwangozi. Tsiku lina atatopa anadzakhala pansi pafupi ndi khitchini kundithandiza kusankha soya wa phala. Mutu uli m'lichero, anazindikira kuti ana akusewera pafupi penipeni ndi mapazi ake, akubwebweta ngati palibe munthu. Mayi wosankha soya mwana samuwerengera. Kuyambira tsiku limenelo kope linkatsala m'thumba, iye n'kumakhala ndi lichero m'mawa wonse, ndipo ankalemba ana akaweruka. Soya yemweyo anasankhidwa kambirimbiri. Sindikhulupirira kuti m'boma lonse la Mzimba munali ana omwa phala loyera ngati athu.

Zimene tinaona! Mpira sanaukhudze n'komwe. Masewera awo aakulu anali a ku Joni. Benchi inali galimoto, Chris dalaivala, akulizitsa injini ndi milomo mpaka malovu. Pamtengo wa mango panali pa boda, pomwe wapolisi wa ndodo ya chinangwa ankafuna mapasipoti a masamba. Wopanda tsamba ankabwezedwa akulira mokweza, manja kumutu. Odutsa ankazungulira chimbudzi n'kubwera akuyenda monyada, atasenza katoni yomwe inali furiji, akulonjera anzawo m'Chizungu cha m'mphuno. Providence, wamantha uja, ndiye anali wapolisi woopsa kuposa onse. Tinkaseka chamumtima mpaka nthiti kuwawa, nkhope zili m'lichero.

NyaShaba anasintha ndithu. Anayamba kudziwa amene amasankha anzake zochita, amene amangotsatira, amene salankhula m'kalasi koma pabenchi ndiye kondakitala. Mayi Mkandawire atawerenga anamuimbira foni kumuyamikira, iye n'kuvina yekha pachulu paja. Ulendo wa ku Joni unali utayandikira, chikwama chili chokonzakonza kunsi kwa bedi.

Mlungu womaliza, ana ena ali phokoso pa boda, awiri anapatuka n'kudzakhala kuseri kwa khitchini, pafupi nafe. Anali Rute ndi Tumbikani, mnyamata wa zaka zisanu amene bambo ndi mayi ake onse ali ku Joni. Ankalankhula Chitumbuka, ine ndingoziika m'Chichewa.

Tumbikani anatola chidutswa cha silipasi n'kumupatsa Rute. "Iyi ndi foni. Amama ako aimba. Yankha."

Rute anaika silipasi kukhutu. "Amama, mubwera liti?"

"Ayi! Usamafunse zimenezo, amadula. Uzinena kuti uli bwino."

"Ndili bwino, amama."

"Eya. Ndipo ukamva galimoto usamathamangire kumsewu, si iwo. Kulira uzilira m'bulangete, agogo amakwiya. Yambiranso."

Rute anakonza kadiresi kake, n'kumwetulira monga amachitira pojambulitsa. "Ndili bwino chomene, amama. Ndadya. Sindikulira."

Palibe anamuuza mwanayu za ulendo. Anangozitola yekha, kaya pakhonde pa agogo ake, kaya poona chikwama chija. Mtima wanga unaphulika, ndinafuna kudzuka kuti ndikalande silipasiyo, koma NyaShaba anandigwira pamkono mwamphamvu. Sanadzutse mutu. Anakhala chomwecho, misozi ikugwera m'soya, mpaka Rute anabwereza kangapo ndipo Tumbikani anakhutira kuti waphunzira.

Ana ataweruka anamunyamula Rute n'kumukhazika pamiyendo, ine ndikutsuka makapu pomwepo.

"Rute, tamvera. Ine ku Joni sindipita. Ndikhala konkuno ndi iwe."

Mwanayo anamuyang'ana, osakondwa, osadabwa. "Amama a Tumbikani nawonso anatero."

NyaShaba anangomukumbatira mwanayo pachifuwa.

Madzulo ake anakwera pachulu kukauza Nason. Sindinamve zonse, koma mawu a mwamunayo ankatuluka m'foni mpaka pansi pomwe ndinaima. Ananena za ntchito yabwino imene anachita kuipempherera, za manyazi kwa bwana wake, za mkazi amene koleji yamukuza mutu. Apongozi nawo anakhala masiku osamuyankha moni. Sindinganame kuti zinatha bwino: Nason mpaka pano amaimba mwa apo ndi apo, ndipo akaimba amafuna mwana yekha.

Loweruka la ulendolo NyaShaba anamusambitsa Rute m'mawa, n'kupita naye pamsika wa Embangweni pomwe galimoto ya Steve inkapakira. Ndinawaperekeza. Panali akazi ena awiri a m'mudzi mwathu okwera, ana awo akulira m'manja mwa agogo. Rute anakulunga chitenje cha mayi ake kudzanja, kawiri, n'kugwira zolimba. Steve anatulutsa mutu pawindo.

"NyaShaba, malo anu alipo! Mwatsimikiza?"

"Yendani makora, a Steve."

Galimoto inanyamuka kulowera ku Jenda. Rute anaiyang'ana mpaka fumbi linatha, kenako anakweza maso kuona ngati mayi ake alipodi. Chitenjecho sanachisiye mpaka tinafika kunyumba.